Tinsomba Tokana Kukula

Lachitatu m'mawa, patatsala masiku atatu kuti a kwawo kwa Munyaradzi abwere kudzagogoda pakhomo kudzamufunsira ukwati, Chithokozo anatsikira kudziwe atanyamula beseni la madeya. Dziwelo bambo ake, aManson Nkhoma, anakumba okha ndi piki ndi fosholo chaka chimene anasiya ntchito kumgodi. Linali kumunsi kwa puloti yawo, pafupi ndi msewu wa ku Gokwe ukangotuluka mu lokeshoni ya Amaveni. Ankati iwo, mdzukulu wa munthu wa ku Nkhotakota, sangakalambe m'dziko la Ashona akudya kabichi ndi machanki a soya.

Anawaza madeya pamadzi. Tinsomba tingapo tinakwera, n'kununkhiza, n'kubwerera pansi ngati alendo okhuta kale.

Miyezi isanu inali itatha chibweretsere Munyaradzi mbewu ya nsombayo m'zigubu ziwiri. Nthawi imeneyo aNkhoma sankafuna ngakhale kumva dzina lake. Ankangoti “mnyamata uja wa ku Gokwe wodziwa thonje basi.” Koma tsiku limene anamuona akutula zigubu pakhomo, thukuta lili kamukamu, mtima wawo unafewa pang'ono. Anati: “Chabwino. Zikakula tidzadyera limodzi, tsiku limene abale ako adzabwere.”

Mawu amenewo Chithokozo ankawasunga mumtima ngati khala lamoto lokutira m'nsalu. Panali chinthu chimene anali asanawauze bambo ake. Munyaradzi mutupo wake, umene kwathu timati mfunda, unali Dziva, anthu a madzi, ndipo a Dziva sadya nsomba. Amati ukadya mano amaguluka, mwayi n'kukuthawa. Awiriwo anapangana kuti tsikulo anthu adzakhala ambiri, nkhuku idzakhalapo, palibe adzawerenge zimene mkamwini watola m'mbale. Koma tsopano vuto linali lina: nsombazo sizinkakula.

“Zadya?”

Anadzidzimuka. Bambo ake anali ataima kumbuyo kwake, manja atawapinda kumsana.

“Zadya pang'ono, Ababa. Mwina ndi kuzizira.”

“Kuzizira mu Januwale?”

Chithokozo anayang'ana pansi. ANkhoma anatola kamwala, n'kukaponya m'madzi, n'kumayang'ana mizere ikufalikira.

“Lachisanu tikoke ukonde,” anatero. “Alendo a Loweruka adzadye za m'dziwe la mwana wawo. Munthu amaoneka ndi chimene wabweretsa.”

Atapita, Chithokozo anatenga kachidutswa ka neti ya udzudzu kamene kanali pa mpanda, n'kuvuula tinsomba tisanu, n'kutiika m'beseni muja. Tonse tinali tofanana ndi chala chake chapakati. Kamodzi kanali ndi khosi lotupa ngati kameza nyemba. Atakakhudza, kanayasamula, ndipo m'kamwa mwake munatuluka tiana tating'onoting'ono ngati njere za mpunga, n'kumazungulira mayi wawo.

Chithokozo anakhala pansi pamatope pomwepo. Sanapite kusukulu ya nsomba, koma anakulira pakhomo pa aNkhoma. Chinthu chikayamba kubereka, ndiye kuti chafika pa msinkhu wake.

* * *

Anajambula tinsombato ndi foni, n'kutumiza kwa Rufaro, mnzake wa kusekondale amene ankagwira ntchito pa famu ya nsomba ku Kariba. Anakhala kuseri kwa khola la nkhuku, foni ili m'manja, akudikira kuti tizizindikiro tisanduke tabuluu.

“Sha, mnzanga, ukuweta chiyani ichi?” Rufaro analemba.

“Magwaya. Amene Ababa amati makumba. Akuchedwa kukula.”

“Tenga kamodzi kowala kwambiri, ukagoneke padzanja. Yang'ana mlomo wam'munsi.”

“Ukuwala buluu.”

“Chipsepse chapansi, chapafupi ndi mchira, kunsonga kwake kuli chiyani?”

“Kadontho kofiirira, ngati lalanje lakupsa.”

“Mchira wake ndi wodulidwa mowongoka kapena wozungulira?”

Chithokozo anakatembenuza kansombako. Kanaphiriphitha, n'kumuwazira madzi kumaso.

“Wozungulira ngati chikhadabo.”

“Chomaliza. Ana a magwaya amakhala ndi banga lakuda kumapeto kwa chipsepse chapamsana. Lilipo?”

Anayang'ana kansomba koyamba, kachiwiri, mpaka kachisanu. Anabwerezanso, mwina maso anamunamiza.

“Palibe.”

Padapita kanthawi, Rufaro akulemba n'kufufuta, akulemba n'kufufuta.

“Thoko, usakhumudwe. Amenewo si magwaya. Ndi achibale awo aang'ono, m'mabuku timati southern mouthbrooder. Tinsomba timeneti tili mbwee m'timitsinje ndi m'zithaphwi zonse za kwanuko. Kowalako ndi katonde, kotupa khosiko ndi kakakazi. Takula kale timeneto. Ungatidyetse madeya a m'chigayo chonse, sitidzapitirira chikhatho chako. Wakugulitsani ndani?”

Chithokozo ankadziwa amene anamugulitsa Munyaradzi mbewuyo. Munthu wosadya nsomba, wosaigwirapo chibadwire, akanapita kwa yani kupatula kwa mnzake wa m'dera amene aliyense amati amadziwa za madzi?

* * *

Madzulo ake kagalimoto kasiliva kanaima pachipata. Anali Obert, mwana wa mnzawo wa kumvano wa mayi a Chithokozo, amene ankanyamula anthu pakati pa tawuni ndi Amaveni. Anatsika ndi kabichi awiri m'manja, akumwetulira mano onse.

“Amayi, maswera bwanji? Ndadutsa pamsika, ndati ndisabwere chimanjamanja.”

“Ona mwana woleredwa,” anatero aEnala, mayi a Chithokozo, akupukuta manja m'chitenje. “Thoko, m'patse mpando mlongo wako.”

“Mlongo wanga ali ku Bulawayo, Amayi,” anatero Chithokozo.

“Iwe, pakamwa.”

AEnala sankabisa. Obert anali wa kwathu, agogo ake anachokera ku Dedza, chilankhulo chimodzi, tchalitchi chimodzi, maliro amodzi. Ankati mwana wamkazi akakwatiwa ku Gokwe ndiye kuti wataika, ngakhale mbewu yake idzaiwala moni wa makolo.

Atalowa m'nyumba kukaika tiyi, Obert anakokera mpando pafupi.

“Ndamva kuti Lachisanu kuli kukoka ukonde. Amayi ako andiitana ndidzathandize. Akuti mukwasha, mkamwini wanu uja, amaopa madzi.”

“Unazitenga kuti nsomba zija, Obert?”

“Ziti?”

“Usandipusitse.”

Obert anaseka pang'ono, akuseweretsa makiyi pachala.

“Pachithaphwi cha kuseri kwa njanji. Ndinalowa ndekha mpaka m'chiuno, misundu inandiluma. Munthu ukamuthandiza sayamika.”

“Unadziwa kuti sizikula.”

“Iye anayang'ana m'chigubu, anati zili bwino. Ine ndikanatani? Mwamuna wofuna mwana wa aNkhoma, koma sadziwa kusiyanitsa gwaya ndi kachisawasawa ka m'ngalande. Bambo ako ayenera kuona okha, ndi maso awo, anthu ali pompo.”

“Ndipo ukuganiza kuti akaona, ine ndidzathamangira kwa iwe?”

“Sindithamanga ine, Thoko. Ndakudikira kuyambira tili kusande sukulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

“Udekha mpaka imvi.”

“Imvi zanga zidzandipeza ndili ndi mano. Ena akadya za m'madzi amatsala nkhama zokhazokha.” Anamuyang'ana m'maso. “Kodi mdala akudziwa zimenezo?”

AEnala anatuluka ndi thireyi, akuimba kanyimbo ka kumvano, ndipo Chithokozo ananyamuka kukatsekera nkhuku ngakhale dzuwa linali likadalipo.

* * *

Lachinayi masana anakumana ndi Munyaradzi kuseri kwa msika wa Amaveni, pansi pa mtengo pamene amayi ogulitsa chimanga chootcha amasiyapo mbaula zawo. Anali atanyamula botolo la mayonezi m'chikwama, muli tinsomba tiwiri, pachivundikiro ataboola timabowo.

Munyaradzi anafika nkhope ili yolemera. Chichewa anachiphunzira kwa anzake a mu Amaveni, ndipo akakwiya chinkamutsimphina.

“Ndamva kuti galimoto ya Obert inali kwanu dzulo mpaka dzuwa kulowa.”

“Wamva kwa ndani?”

“Amaveni ilibe chitseko. Akuti munamwa tiyi.”

“Anamwa ndi Amayi.”

“Masiku awiri abale anga asanabwere, Thoko. Ndikutumizira mauthenga, ukungowerenga osayankha. Ngati wasintha maganizo undiuze ndikadali ndi nthawi yowabweza anthu.”

Chithokozo anatulutsa botolo lija n'kuliika pabenchi pakati pawo.

“Ndi za m'dziwe?” Munyaradzi anawerama, nkhope n'kumasuka pang'ono. “Zikuoneka zathanzi. Taona kakuwala aka.”

“Munya, ndi miyezi isanu.”

“Ndiye kuti zikufuna chakudya china. Ndikagula cha m'sitolo chija.”

“Sizikufuna kanthu. Zakula kale.”

Anamuonetsa mlomo wabuluu, kadontho kofiirira, mchira wozungulira. Anamuwerengera mauthenga a Rufaro mmodzimmodzi. Anamuuza za chithaphwi cha kuseri kwa njanji, ndi zoti Obert adzabwera kudzagwira ukonde. Munyaradzi anamvetsera osaphethira. Kenako anagwira mutu ndi manja awiri.

“Ndinazinyamula pamutu kuchokera pa siteji,” anatero motsitsa. “Ndinkayenda pang'onopang'ono kuti zisagwedezeke. Ndinkazilankhula m'njira, Thoko. Ndinkati, inu ndi amene mukandilankhulire kwa mdala.”

Chithokozo anafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anamugwira mkono.

“Tamvera. Ndaganiza usiku wonse. Kuli asodzi ku damu la Sebakwe amene amagulitsa magwaya amoyo. Mawa m'mamawa, Ababa akapita kukamweta udzu wa mbuzi, tikhoza kuthira makumi awiri m'dziwe. Ukonde ukabwera, zazikulu zidzaoneka pamwamba. Tating'onoti tidzati ndi ana ake.”

Munyaradzi anadzutsa mutu. M'maso mwake munaoneka kuti akuwerengera njira, nthawi, ndi amene angamubwereke njinga.

“Zingatheke,” anatero. “Koma Obert adzakhala atagwira mbali ina ya ukonde.”

“Adzanena chiyani? Kuti anakunamiza? Adziyalutsa yekha.”

“Adzangofunsa kuti nsomba zimene sizinkadya madeya dzulo zanenepa bwanji lero. Ndipo bambo ako amalidziwa dziwe lija kuposa mmene amadziwira nkhope yanga.” Anapukusa mutu. “Panopa ndine chitsiru chimene chinanamizidwa. Ndikachita zimenezo ndidzakhala wakuba amene ananamiza. Chitsiru mwina angachipatse mpando.”

“Ungawauze? Iwe suwadziwa Ababa. Anabweza mphunzitsi wathunthu amene ankafuna achemwali anga chifukwa anawapatsa moni chipewa chili kumutu.”

“Ndivula chipewa.”

“Munya, sindikuseka.”

“Inenso ayi.” Anamwetulira mofooka. “Anzanga aja amati chiyani, za mbewa ija?”

“Mbewa ya manyazi inafera kuuna.”

“Imeneyo. Ndibwera mawa m'mawa, Obert asanafike.”

Chithokozo anayang'ana tinsomba tikuzungulira m'botolo.

“Nanga zinazo? Za kudya?”

Nkhope ya Munyaradzi inagwanso. Amene anamulera bambo ake atamwalira anali tete Tsungai, mlongo wa bambo akewo, mayi wouma mtima pa za makolo. Atamva kuti mwana wa mlongo wake akufuna mtsikana wa Chinyasa, anakhala mwezi osamulankhula. Anavomera pokhapokha Munyaradzi atagwada n'kulumbira kuti ngakhale akwatire kwa anthu odya nsomba m'mawa ndi madzulo, iye sadzaika m'kamwa ngakhale kamunga kamodzi. Popanda tete, palibe wa ku Gokwe akanaponda pakhomo pa aNkhoma.

“Chimodzichimodzi,” anatero Munyaradzi. “Tete abwera Loweruka ndi basi yoyamba. Mawa ndikonze za dziwe. Za mbale tidzaona Loweruka, monga tinapangana.”

* * *

Lachisanu kunacha ndi mitambo. Munyaradzi anafika atavala malaya oyera, chipewa chili m'manja kuyambira pamsewu. Anawapeza aNkhoma pansi pa mtengo wa mango akusoka mabowo a ukonde. Chithokozo anali pakhonde, akusankha nyemba zimene anali atasankha kale kawiri.

Munyaradzi anagwada pataliko, n'kuomba m'manja mwa kwawo.

“Mwadzuka bwanji, Baba?”

“Tadzuka. Mwalawira. Loweruka ndi mawa.”

“Ndabwera ndi mlandu, Baba. Mlandu wanga.”

ANkhoma sanasiye kusoka. “Nenani.”

“Nsomba zimene ndinabweretsa zija si magwaya. Sizidzakula. Ndakutayitsani miyezi isanu ndi madeya anu. Sindinadziwe, koma kusadziwako ndi kwanga, chifukwa ndinachita manyazi kufunsa inu amene mukudziwa. Ndinafuna kuoneka munthu.”

Singano inalowa, inatuluka, inalowanso. Nkhuku inadutsa pakati pawo. Chithokozo anasiya kusankha nyemba.

“Mwadziwa bwanji kuti si magwaya?”

Munyaradzi anatulutsa botolo lija m'thumba la jekete. ANkhoma anamukodola kuti asendere.

“Ndionetseni.”

“Mlomo uwu, Baba, ukuwala buluu. Apa pansi, kunsonga kwa chipsepse, pali kofiira. Mchira ndi wozungulira. Ndipo pamsana apa,” analoza ndi chala pagalasi, “mwana wa gwaya amakhala ndi banga lakuda. Apa palibe. Kenanso kakakazi kayamba kale kusunga ana m'kamwa.”

“Anakuphunzitsani ndani?”

Munyaradzi anazengereza. “Mwana wanu, Baba.”

ANkhoma anatembenukira kukhonde. Chithokozo anaweramira m'lichero mpaka chibwano kugunda pachifuwa.

“Iye wadziwa liti?”

“Dzana.”

“Dzana.” Mkuluyo anaika singano pansi, n'kupukuta magalasi ake ndi nsonga ya malaya. “Ine ndinadziwa mwezi wachiwiri. Gwaya akamva madeya amabwera ngati ana a sukulu pa belu. Izi zimabwera ngati mabwana. Ndinavuula kamodzi, ndinaona kofiirako, ndinati ohoo.”

“Ababa, bwanji simunanene?” Mawu anamupulumuka Chithokozo.

“Ndinene kwa yani? Mphatso saibweza ndi mawu. Ndinati ndidikire. Munthu akalakwitsa pali njira zitatu. Ena amathawa. Ena amabwera ndi pakamwa pawo. Ena amapita ku Sebakwe m'mamawa kukabwereka nsomba za eni.” Anamuyang'ana mwana wawo pamwamba pa magalasi. “Ndinawauza asodzi onse a kumeneko kuti akaona munthu wofuna zamoyo sabata ino andiimbire.”

Chithokozo anafuna nthaka itseguke.

“Amene anakugulitsaniyo ndikumudziwa,” anapitiriza aNkhoma. “Ameneyo nkhani yake ndi ina, ndidzakamba ndi mayi ake. Koma inu. Pansi pa mgodi tinkaopa munthu mmodzi yekha: amene waona mng'alu padenga n'kukhala chete kuti asaoneke wamantha. Ameneyo amapha anzake. Wosadziwa amaphunzitsika.” Ananyamula botolo, n'kuliyang'ana cha kuwala. “Ndiponso kansomba aka musakanyoze. Kamakhala masabata osadya, ana ali m'kamwa. Anthu ena akuluakulu sangathe zimenezo.”

“Ndiye mawa, Baba?” Mawu a Munyaradzi anali ngati a munthu woyenda pa ulalo wa mtengo umodzi.

“Mawa abwere. Tidzawalandira. Tsopano vulani malaya oyerawo, akamwini, mugwire uku. Tichotsemo mabwanawa, mwezi wamawa tikasankhe mbewu ina limodzi.”

Akamwini. Chithokozo anamva mawuwo akulowa m'khutu n'kutsikira mpaka kuphazi. Anathamangira kuseri kwa nyumba, n'kukalira pang'ono pafupi ndi thanki ya madzi, osadziwa ngati ndi chimwemwe kapena kutopa.

* * *

Anakoka ukonde katatu. Munyaradzi analowa m'madzi mpaka m'chiuno, akuterereka m'matope, aNkhoma akumulangiza kuchokera kumtunda ngati kapitawo. Tinsomba tinadzadza ndowa imodzi ndi theka, tikunyezimira buluu ndi golide. Nthawi yoyamba kugwira kamodzi ndi dzanja, Munyaradzi anatseka maso. Chithokozo yekha ndi amene anaona.

AEnala anabwera kudzasuzumira m'ndowa, milomo ataikweza.

“Ndiye ndiwo za alendo zimenezi? Anthu achokere ku Gokwe kudzatola minga?”

“Alendo tiwaphera mbuzi,” anatero aNkhoma. “Izi ndi zathu, lero lomwe. Kazingani zouma bwino, mchere ndi tsabola. Ndinalonjeza kuti za m'dziwe ili ndidzadya ndi mnyamata uyu. Zakula, sizinakule, lonjezo ndi lonjezo.”

Chithokozo ndi Munyaradzi anayang'anana. Panalibe khamu la anthu lobisalamo. Panalibe nkhuku.

Kukhitchini, mafuta akulira m'chiwaya, Chithokozo ananong'oneza mayi ake.

“Amayi, bwanji ndimukazingire mazira? M'mimba mwake simuli bwino masiku ano.”

“Waona m'mimba mwake liti iwe? Bambo ako amupatsa mpando lero, akane mbale yawo? Usandichititse manyazi. Tenga madzi akasambe m'manja.”

Chithokozo anatenga foni mwachangu, n'kulembera Munyaradzi: “Uwauze. Wawauza kale china, sanakudye.”

Yankho linabwera akuthira madzi m'jagi. “Kawiri tsiku limodzi? Adzati ndabisa zingati. Kamodzi kokha, Thoko. Ndimeza osatafuna. Tete sadzadziwa.”

“Unalumbira.”

Munyaradzi sanawerenge. Foni inali itabwerera m'thumba.

Anakhala pansi pa mango paja, amuna awiri, mbale ili pakati. Tinsomba tinali titauma bwino, tofiirira, michira itapindika. ANkhoma anapemphera mwachidule, kuthokoza chifukwa cha zazing'ono ndi zazikulu zomwe. Kenako anasankha kamodzi konenepa, n'kukapereka ndi dzanja lawo.

“Yambani ndinu. Timadya ndi mutu womwe, mafupa ake ndi ofewa.”

Munyaradzi analandira ndi manja awiri. Anakayang'ana kansombako. Thukuta linatsika m'mbali mwa khutu lake ngakhale kunali mitambo. Chithokozo anaima pakhonde, jagi ili m'manja, akupemphera pemphero lopanda mawu, osadziwanso kuti akupempha kuti adye kapena asadye.

Kumsewu kunamveka hutala. Kagalimoto kasiliva kanakhota, n'kuima pachipata penipeni. Obert anatsika, n'kuzungulira mwaulemu wonse kukatsegula chitseko chakumbuyo.

“Pepani ndachedwa ku ukonde, mdala,” anatero mokweza pang'ono. “Ndinapeza mayi awa pa renki ya mabasi akufunsa nyumba ya Munyaradzi. Akuti anaopa mvula kuti ingadule msewu, ndiye alawira tsiku limodzi. Ndati, Amayi, musavutike, ndikudziwa kumene mwana wanu ali.”

M'galimoto munatuluka mayi wamtali, wa duku loyera, chikwama chachikulu chili m'khwapa, fumbi lofiira la ku Gokwe lili m'mapazi. Anayang'ana nyumba, anayang'ana ukonde wonyowa pa mpanda, anayang'ana buluku la matope la mwana wa mlongo wake. Kenako maso ake anatsikira pa mbale, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka pa dzanja limene linali litaima pakati pa mbale ndi pakamwa.

ANkhoma anayamba kudzuka kuti alandire mlendo, nkhope ili yowala, osadziwa kanthu.

Tete Tsungai sanawayang'ane. Analankhula m'Chishona, mawu ali pansipansi, ngati munthu wofunsa njira.

“Munyaradzi. Mwana wa Dziva. Chili m'manja mwakocho n'chiyani?”